Kalata ya Ubatizo ya Anjelina

Ndikukumbukira kachitini ka mabolasha, mabisiketi aja, kamene amayi ankabisa pamwamba pa khoma, pamene udzu wa denga umakumana ndi dothi. Mabolasha munalibe, izi ndikunena motsimikiza chifukwa ndinakwera pamtondo kangapo konse kukafufuza. Munali korona woduka, singano ziwiri, ndi kalata imodzi ya ubatizo yopindidwa panayi, yofiirira m'mbali ngati tsamba la fodya. Kalatayo sinali yanga. Inali ya Anjelina, mkulu wanga, amene anamwalira ine ndili ndi zaka zitatu.

Anjelina anabatizidwa kuno kwathu ku Angonia nkhondo isanafike m'mudzi mwathu. Tsiku lothawa amayi anali ndi pakati pa ine, iye ali kumsana, kalata yake ataimanga pamfundo ya kapulana, chitenje chawo. Ine ndinabadwira kutsidya, mumsasa wa othawa nkhondo mbali ya Dedza, ndipo ndinabatizidwa komweko ndili wakhanda, n'kupatsidwa dzina loti Felisita. Kalata yanga anaisomeka kudenga monga ankachitira aliyense, koma chiswe cha ku Malawi sichinkasiyanitsa chopatulika ndi udzu. Chikuku chitalowa mumsasa n'kutenga Anjelina, amayi anatsala ndi kalata ya mwana amene kulibe, ndi mwana wopanda kalata. Dzina la Felisita nalo linangozimirira. Aliyense ankanditchula la kunyumba, Tisungeni.

Titabwerera kumudzi kwathu ku Domwe nkhondo itatha, tinapeza kapela yathu ili makoma okhaokha, mkati mutamera chisoso. Azibambo anaifolera ndi udzu, koma katekeze, maphunziro a ana okonzekera Ukaristia woyamba, tinkachitira panja pansi pa mibulugama Loweruka lililonse m'mawa. Munthu amene sanakhalepo pamwala wa ku Domwe nyengo yachisanu asamanene kuti amadziwa kulapa. Mphepo inkatsika m'phiri n'kupeza bowo lililonse la pachovala, ndipo tinkayankha mafunso mano akugundana, miyendo itatuwa mbuu.

Katekista wathu anali aBonifasiyo, mlimi wa mbatatesi, wamtali, wolankhula ngati munthu amene alibe kothamangira. Mandala awo anali ndi mwendo umodzi, mbali inayo ankakolowekera ulusi kukhutu. Sankamenya mwana. Ukalakwitsa yankho ankangovula mandala aja n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi malaya, maso ali pa iwe, mpaka wekha kulakalaka akanangokukwapula zithe. Nawonso anali kumsasa kuja, ndipo ndi amene ankatsogolera mapemphero a maliro wansembe akasowa.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, aBonifasiyo analengeza kuti apadiri, wansembe wathu, abwera pakatha milungu itatu kudzatipatsa Ukaristia, ndipo aliyense abweretse kalata yake ya ubatizo Loweruka lotsatira. Wopanda kalata adikire chaka chamawa. Apadiriwo ankafika kwathu kamodzikamodzi, chifukwa makapela anali ambiri, msewu ndiye osanena. Ine mafunso onse ndinali nditawaloweza, kuposa mnzanga Tereza amene ankasakaniza malamulo khumi ndi masakramenti. Chovala changa choyera chinali chitasokedwa kale. Amayi anachisoka pamanja kuchokera ku matumba a ufa wa chithandizo, atawachapa ndi kuwayanika mpaka zilembo zinatsala pang'ono kufufutika. Ukaima padzuwa, chilembo chimodzi chinkaonekabe kumsana. Ndinene zoona, chovala chimenecho ndinkachikonda kuposa mmene ndinkakondera Mulungu.

Loweruka lija m'mawa amayi anakwera okha pamtondo n'kutsitsa kachitini. Bambo anali ku Tete kumaganyu, kotero panalibe wofunsana naye nzeru. Anandipatsa kalata ija osandiyang'ana kumaso.

"Akakakufunsa dzina, ukanene kuti ndiwe Anjelina."

"Nanga aBonifasiyo sakadziwa, amayi?"

"Anaika m'manda ana ambiri kumsasa kuja. Sangakumbukire onse."

Njira yonse ndinkalitchula dzinalo chamumtima kuti lizolowere pakamwa. Sindinganame kuti mtima unkanditsutsa. Linkandikomera, linkamveka ngati la mwana wa apulofesolo a kusukulu, wovala nsapato. Mantha anga anali amodzi okha, oti ndingaiwale n'kuyankha kuti Tisungeni.

Tinaima pamzere. ABonifasiyo anakhala pachitsa, kaderino, kope lawo la maina, ali pabondo, akulemba dzina la aliyense amene wapereka kalata. Yanga itafika m'manja mwawo anaitambasula mosamala, anawerenga, n'kuwerenganso. Kenaka anavula mandala. 

"Dzina lako ndani, mwana wanga?"

"Anjelina."

Sanalembe kanthu. Sanandikalipirenso, moti anzanga sanadziwe kuti pachitika chinthu. Anapinda kalatayo panayi momwe inalili n'kuiika m'thumba la malaya pachifuwa. "Tikaweruka undidikire, tipitira limodzi. Ndili ndi mawu ndi amayi ako."

Tinadutsa m'minda, iwo patsogolo manja ali kumbuyo, akuyamikira mizere ya mbatatesi za anthu ena, ine pambuyo ndikukoka miyendo. Amayi tinawapeza akupuntha nyemba pabwalo. Atationa, ndodo inaima m'mwamba. Anayala mphasa, ndipo malonje anatenga nthawi yawo yonse: za bambo ku Tete, za chisanu chimene chinawaula masamba kudimba, za chitopa chimene chinamaliza nkhuku kumudzi wapafupi. Ine ndinakhala pakhonde ndi lichero, ndikuchita ngati ndikusankha nyemba.

Pamapeto pake aBonifasiyo anatulutsa kalata ija n'kuipereka ndi manja awiri, monga momwe timaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"ANangozo, kalata iyi isungeni bwino. Mwini wake ndinamuperekeza ndine. Anagona mzere wachiwiri, pafupi ndi msuku uja, ndipo dzina lake pamtanda ndinalemba ndi dzanja ili."

Amayi anaika kalatayo pamiyendo. "Ndimayesa munaiwala."

"Sindinaiwale ndi mmodzi yemwe."

Apo amayi analira kulira kumene ndinali ndisanakuonepo, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Atapukuta maso ndi kapulana anayamba kuchonderera. Anati mwanayu ngobatizidwa ndithu, anamunyamula okha tsikulo, koma amadirinya amene anamuimira anakwatiwa ku Malawi komweko ndipo sakudziwika kumene ali. Anapempha aBonifasiyo kuti angowauza apadiri kuti ubatizowo akuudziwa. Iwo anayankha kuti sakuwakayikira amayi ngakhale pang'ono, koma anafika kumsasa ine ndikuyenda kale. Chimene anaona ndi maso awo ndi maliro. Ubatizo sanauone, ndipo sangaime pamaso pa apadiri kuchitira umboni chinthu chimene sanachione.

Kenaka amayi ananena mawu amene ndinadzawamvetsa nditabereka anga. "Winayo sanavaleko choyera. Ndimafuna dzina lake limvekeko kamodzi m'kapela yakwathu."

"Ndakumvani, mayi," anatero aBonifasiyo. "Koma uyu akavala dzina la mkulu wake, ndiye kuti Felisita tamuika m'manda ali moyo. Mukhala mwataya awiri."

Aka kanali koyamba kumva munthu akunditchula Felisita, ndipo sizinandikomere m'pang'ono pomwe.

Lolemba m'mawa anabwereka njinga, anasiya mbatatesi zawo zosakumba, n'kudutsa malire pa Kalomwe kukafuna parokiya imene inkasamalira msasa wathu. Ankati ngati ndinabatizidwa, dzina langa liyenera kupezeka m'livulu, buku lalikulu la obatizidwa. Anabwerako patatha masiku atatu, fumbi mpaka m'nsidze, ali chimanjamanja. Livulu la ana a kumsasa linali litasamutsidwira kwina, ndipo wosunga makiyi a kumeneko anali atapita kumaliro akutali.

Tsiku la apadiri ndinakhala mbali ya azimayi nditafunda kapulana yanga yakale, n'kumaonerera Tereza, uja wosakaniza malamulo ndi masakramenti, akupita kutsogolo atavala zoyera, manja atawagwirizanitsa ngati mngelo. Kapela inkanunkhira lubani ndi udzu watsopano, ng'oma zikugunda, amayi a anzanga akululutira. Sindinalire. Ndinangowada aBonifasiyo ndi mtima wanga wonse wa zaka khumi. Kwa miyezi ingapo ndikawaona panjira ndinkakhotera kutchire, ndipo kukatekeze ndinkayankha mafunso nditayang'ana mibulugama. Amayi atawapepesa chifukwa cha mwano wangawo, iwo anangoseka n'kunena kuti andisiye, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine chamumtima ndinati nkhono yadekhadi, koma ilibe chovala chimene chikuifupikira.

Anapitanso kutsidya kachiwiri, osapeza kanthu. Ulendo wachitatu unali mvula itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Anafika kwathu madzulo dzuwa lili pamwamba pa phiri, atanyowa thupi lonse, matope mpaka m'mawondo, njinga akuikankha chifukwa tcheni chinali chitaduka. M'malaya anatulutsa kapepala kokulungidwa m'pulasitiki, kokhala ndi chidindo, ndipo panalembedwa Felisita, ndi maina a bambo ndi amayi. Anandipatsa ineyo, osati amayi, n'kunena kuti pulasitikiyo ndisachotse, chifukwa chiswe cha kuno nachonso sichinaphunzire katekeze. Ndinalandira ndi manja awiri, koma zikomo sindinanene.

Chaka chotsatira chovala chija chinkalekezera pamwamba pa mawondo. Amayi anachilumikiza m'munsi ndi nsalu ya thumba lina, loyera kuposa loyambalo, moti aliyense ankatha kuona pamene ndinalekezera chaka chatha. Tsiku la Ukaristia wathu, Misa ili mkati, nthawi ya mapemphero a anthu onse, aBonifasiyo anaimirira n'kunena kuti tipempherere ana athu amene tinawasiya ku Malawi. Kaderino wawo anali wotseka m'manja. Anayamba kutchula maina kuchokera m'mutu, limodzi limodzi, osafulumira, mzere ndi mzere monga anagonera. Dzina lililonse likatchulidwa, pena pake m'kapela pankamveka mayi akufwenthera. Ambiri a ife ana sitinkadziwa n'komwe kuti anzathu amene tinkasewera nawo anali ndi akulu awo ndi ang'ono awo kutsidyako.

Atafika pa Anjelina ndinacheuka. Amayi sankalira. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuvomera moni.

Nthawi yolandira itakwana, aBonifasiyo anatsegula kaderino n'kuyamba kutiitana. Atati Felisita ndinangokhala, ndikudikira kuti mwini dzina aimirire, mpaka Tereza ananditsina kuchokera kumbuyo. Motero maina onse awiri anamveka m'kapela yakwathu tsiku limodzi, wamkulu poyamba, wamng'ono pambuyo, monga ziyenera kukhalira.

Lero kapela ija ili ndi malata ndi mabenchi, ndipo ana amaphunzira katekeze mkati atavala majuzi. Kalata ya ubatizo amangoijambula pafoni, ikatayika amakwera shapa, kaminibasi kakwathu, kupita ku Ulongwe n'kubwerako ndi ina tsiku lomwelo. Ana anga ndikawauza kuti chiswe chinandibweza chaka chathunthu amaseka, amayesa nthano. Ndimakondwera kuti zinthu zinaphweka, komabe ndimadzifunsa ngati alipo masiku ano munthu amene angasiye mbatatesi zake m'munda n'kupalasa njinga yobwereka maulendo atatu chifukwa cha dzina la mwana wa mnzake, mwanayonso wosapereka moni. ABonifasiyo anatisiya kalekale. Sindinawapepese ndi pakamwa, ndipo chimenechi chimandipwetekabe. Kachitini kaja kali kwa ine tsopano, ndipo muli makalata awiri.

Amayi m'miyezi yawo yomaliza mutu unkawasokonekera. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala pakhonde, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunditchula kuti Anjelina. Ndinavomera, chifukwa sindinaone chifukwa chotsutsana ndi munthu wodwala. Anameza phala lija, kenaka anandigwira dzanja.

"Iyayi, usavomere. Ndiwe Felisita iwe. ABonifasiyo angatimve."