Nsapato Zatsopano Panjira ya Nkhosa

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anafika ku London ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinamusiya ku Dedza ali wamng'ono, m'manja mwa mkulu wanga, pamene ndinkabwera kudzagwira ntchito ya unamwino. Ndinkati pakangotha chaka ndimutenga, koma mapepala amayenda pa nthawi yawo. Podzafika iye, n'kuti ine ndi bambo ake tili kale ndi mwana wina, wamwamuna, wobadwira konkuno ku Lewisham.

Mtsikanayu anali ndi ulemu wochititsa mantha. Pondipatsa kapu ya madzi ankagwada pa kapeti. Ndikamufunsa ngati wakhuta, ankati wakhuta. Ndikafunsa ngati akumva kuzizira, ankati ayi, milomo ikunjenjemera. Azimayi a kutchalitchi ankati, "Uyu ndiye mwana woleredwa," ine n'kumangomwetulira mtima ukuwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti ulemu umenewo ndi wa mlendo. Sankanditchula dzina lililonse. Akafuna kulankhula nane ankangoima pafupi mpaka nditamuona. Koma Lamlungu ndikakanda khadi la foni n'kuimba ku Dedza, ankathamanga kudzalandira, ndipo ndinkamva akuti "amayi" kwa mkulu wanga ndi mawu aja onyinyirika amene mwana amasungira amake. Nsanje ndinali nayo, sindibisa.

Tsiku lina mkulu wangayo anandiuza mosapita m'mbali. "Iwe, mwanayu sakusangalala. Ngati sakuzolowera usamukakamize, abwere adzapitirize sukulu kuno." Ndinafuna kuwayankha zambiri, koma munthu amene wakulelera mwana zaka zonsezo sumuyankha mwano. Ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti tchuthi cha Ogasiti chikamatha timufunsa mwiniwake, ndipo akati akufuna kubwerera, timulola. Mlendo ndi mame, ndipo ine ndinkaona mwana wanga akukamuka ndikuyang'ana.

Choncho tchuthi chimenecho ndinapempha kupuma kuntchito, n'kuyamba kumuyendetsa ngati ndikufunsira mbeta. Tinakwera kaphiri ka m'paki ya ku Greenwich kukaona mzinda wonse. Iye anati, "Zikomo, n'kokongola." Tinapita kupaki ina ya makatungwe, iye n'kumangokankha mlongo wake osakwerapo yekha. Ndinamugulira ayisikilimu, anandipatsako theka. Kulikonse kumene tinkapita tinkabwerako ndi zikomo.

Ku wodi kwathu kunali namwino wina wachizungu, wachikulire, amene Loweruka lililonse ankapita kukayenda m'thengo. Ine ndinkamuseka. Ndinakula ndikuyenda pansi kupita kusukulu, kuchigayo, kuchipatala, ndipo kwa ife kuyenda pansi unali umphawi basi. Ndiye munthu ali ndi galimoto, aisiye dala, akayende tsiku lonse kopanda msika, kopanda maliro, kopanda ngakhale m'bale woti akamuone? Koma nditamuuza za mwana wanga sanaseke. Anati tikwere sitima, titsike pa kamudzi kena ka ku Kent komwe kuli linga lakale la miyala, ndiyeno titsate kanjira ka m'mbali mwa mtsinje mpaka siteshoni ina. Anati ana amamasuka pakamwa akamayenda. Anawonjeza kuti kangolo ka mwana tikasiye kunyumba, chifukwa panjirapo pali mipanda yolumpha.

Kwathu munthu sapita paulendo atavala zosasita. Bambo a ana anavala jekete ndi nsapato zopolisha. Ine ndinavala diresi la kutchalitchi. Mtsikana ndinamuveka diresi loyera, masokosi oyera, ndi nsapato zatsopano zakuda, zonyezimira, zimene ndinamugulira dzulo lake. Ndinamufunsa ngati zikumukwana, anati zikumukwana. M'chikwama ndinaponyamo buledi wothira tchizi, botolo la madzi, ndi chitenje choti tikakhalire.

Linga lija tinalipeza lopanda denga. Makoma ake anali aatali, okhuthala kuposa kutalika kwa munthu, koma m'kati munali udzu ndi nkhunda zokha. Bambo a ana anaima manja ali m'chiuno.

"Ndiye ulendo wonsewu tabwerera bwinja? Kwathu pabwinja timadzalapo maungu."

Mnyamata sanawamve. Ankathamanga uku ndi uku akukuwa, "My castle, my castle!" Mlongo wake anayenda pang'onopang'ono, akugwira miyala ndi chikhatho, ndipo kwa nthawi yoyamba anafunsa funso popanda womuyamba.

"Eni ake anapita kuti?"

"Anamwalira kalekale," anatero bambo ake.

"Ndiye panalibe wotsala woti afolere?"

Tinaseka, iye n'kuchita manyazi, ine n'kudandaula kuti tasekeranji. Tinayala chitenje pa udzu n'kudya. Buledi wake anamaliza yense, n'kunena zikomo.

Kanjira kaja kanayamba bwino, koma usiku wake kunali kutagwa mvula. Tisanapite patali matope anayamba kutilanda nsapato. Tinkakumana ndi azungu ovala majombo, ndodo zili m'manja, ndipo aliyense ankatipatsa moni, zimene ku Lewisham sizichitika ngakhale kwa munthu amene mwakhala naye khomo limodzi zaka zambiri. Akatha moni maso awo ankatsikira kumapazi athu, n'kupitirira. Panjira pena tinalowa m'munda wa munthu, m'kati mwa nkhosa zake. Bambo a ana anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuuze odi, koma kunalibe.

"Mayi, walira mvula walira matope," anandiuza akupukuta nsapato pa udzu. "Munkafuna countryside, ndi imeneyi."

Ananyamula mnyamata pamapewa n'kutsogola. Mtsikana anayamba kutsalira. Ndinamufunsa ngati watopa, anati ayi. Ndinamufunsa ngati akufuna madzi, anati ayi, zikomo. Ndinapsa mtima chamumtima, ndikuganiza kuti nawonso ulendo uno wapita pachabe.

Tinafika pa mpanda wina wokhala ndi timatabwa topondapo polumpha. Ine ndinalumpha n'kutembenuka kuti ndimugwire dzanja. Atakweza mwendo ndinaona sokosi yake itafiira kuchidendene. Ndinayang'ana phazi linalo, chimodzimodzi.

Ndinamukhazika pa thabwa n'kumuvula nsapato. Matuza anali ataphulika kale, khungu litasupuka, sokosi itamatirira pabala. Ine amene ntchito yanga inali kuyang'ana zidendene za nkhalamba za eni tsiku ndi tsiku kuti zisachite zilonda, za mwana wanga sindinazione. Ndipo m'chikwama cha namwino munalibe ngakhale pulasitala imodzi. Mkwiyo wonse ndinautulira pa mwanayo.

"Iwe, bwanji osanena? Zayamba liti kukupweteka?"

"Kusiteshoni."

"Kusiteshoni! Ndiye wayenda mtunda wonsewu uli chete? Ulibe pakamwa?"

Anawerama, akuyang'ana zala zake. Anayankha motsitsa mawu.

"Munagula ndinu. Komanso amayi anati ndikakhale ndi ulemu. Anati kwa eni sadandaula."

Mkulu wanga sanalakwe. Anamulangiza mmene mayi aliyense amalangizira mwana wopita kutali. Koma kumva nyumba yanga ikutchedwa kwa eni, ndi mwana wanga yemwe, kunandipweteka kwambiri. Ndinatsanulira madzi a m'botolo pa masokosi mpaka atamatuka, n'kumutsuka mabala. Sanalire, anangoluma mlomo.

Ndinatulutsa chitenje, n'kuchikutumula udzu, n'kuwerama.

"Kwera."

"Ndine wamkulu."

"Ndati kwera."

Anakwera. Ndinamuphimba ndi chitenje, n'kumanga pachifuwa ndi m'chiuno mmene ndinkachitira ku Dedza asanayambe kulankhula bwino. Miyendo yake inkandifika m'mawondo. Nsapato zanga nazo zinali zitanditopetsa, ndinazivula n'kuwapatsira bambo ake, amene anali atabwerera kudzaona chatichedwetsa. Anaona zidendene za mwanayo, anaona nkhope yanga, ndipo nthabwala zinawathera. Anatsogola ndi mnyamata pamapewa, nsapato zathu zili m'manja.

Ndinayenda choncho, osavala, m'matope ozizira a ku England, diresi la kutchalitchi litamangidwa ndi chitenje. Amajombo aja ankatipatsabe moni, ndipo ine ndinkayankha mutu uli m'mwamba. Poyamba mwanayo anali gwa ngati mtolo wa nkhuni, manja atawapinda kuti asandigwire, akuyesetsa kuti asandilemere. Aliyense amene anaberekapo mwana kumbuyo amadziwa nthawi imene mwana wasiya kudzinyamula yekha. Zinatenga kanthawi, koma ndinamva mutu wake ukutsamira pakhosi panga, ndipo analemera.

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwa khutu.

"Mwamanga kwambiri."

Ndinaima n'kumasula pang'ono. Tinapitirira.

"Tchizi chija chimanunkha."

"Chabwino. Sindidzakupatsanso. China?"

Anadzutsa mutu, mwina kuyesa ngati ndikunena zoona.

"Mwana wanuyo amandiluma mukatembenuka."

"Ndi mlongo wako ameneyo. Akakuluma uzibwera kudzamunenera. China?"

"Kusukulu amandiseka ndikagwada. Bulangete limayabwa. Mukamapita ku night mumachoka osanditsanzika."

Ine popita kuntchito ya usiku ndinkati ndikachoka mwakachetechete sindimusokoneza, osadziwa kuti amamvetsera chitseko chikutsekedwa. Ndinamulonjeza kuti ndizimutsanzika. Mtima wanga unali ukusangalala ngati wa munthu amene akulandira mphatso, chifukwa mawu aja onyinyirika, a pa foni ya Lamlungu, tsopano anali akubwera kwa ine. Tinadutsa nkhosa zina, tinawoloka kamlatho, denga la siteshoni linayamba kuoneka. Ndinafunsanso kuti china.

"Munachedwa kudzanditenga."

Mayankho ndinali nawo ambiri, a mapepala, a ma shifiti, a kanyumba kochepa. Onse anali oona, koma sanali a mwana.

"Ndinachedwa," ndinatero. "Pepa, mwana wanga."

Pofika pasiteshoni anali atagona, malovu akundinyowetsa phewa, ndipo m'sitima ndinakhala m'mphepete mwa mpando kuti ndisamutsitse.

Pangano ndi pangano. Tchuthi chitatsala pang'ono kutha ndinamufunsa funso lija, m'mawa wina m'khitchini, phazi lake lili pamiyendo panga ndikumusintha pulasitala. Ndinkaopa, ndipo sindinamuyang'ane kumaso.

"Amayi ako a ku Dedza akuti ngati ukufuna, ukhoza kubwerera ukakhale nawo. Iwe ukuti bwanji?"

"Ndikufuna kukawaona," anatero. "Kukawaona, n'kubwerako."

Mkulu wanga amamutchabe amayi mpaka lero, ndipo ndinasiya kalekale kumva nsanje, chifukwa dzinalo analigwirira ntchito. Ine dzina langa linabwera mochedwa, lachingerezi lotanthauza mayi, limene mlongo wake amanditcha. Koma m'mawa umenewo sindinafune dzina lililonse. Chifukwa cha chimwemwe, pulasitala ndinaimatula mwamphamvu. Mwanayo anakuwa, n'kundimenya kachidendene pantchafu.

"Mukundipweteka inu! Kodi odwala anu mumawatero?"