Mayi Makiyi, Amene Anafufuta Bolodi

"Makiyi muli nawo, chitseko ndi ichi, nanga tikudikira chiyani?"

Anafunsa choncho ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wa atelala, Lachinayi lina madzulo pakhonde la sukulu yoyandikana ndi tchalitchi chathu. Amayi khumi ndi asanu ndi awiri anali ataima pamenepo, makope ali m'manja. Wofunsidwayo anali mayi amene tonse tinkawatchula kuti a Makiyi, omwe tawaika m'manda mwezi wathawu. Tsiku limenelo sanayankhe. Kuti timvetse chimene chinawatseka pakamwa, tiyambire kumayambiriro.

A Makiyi anabadwa oyamba pa ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankaumba njerwa, mayi awo anali odwaladwala, ndipo ntchito yolera inagwera mwana wamkuluyo. M'mawa uliwonse ankaperekeza abale awo mpaka pageti la sukulu, wina kumsana, wina padzanja. Belu likalira, iwo ankabwerera. Abale asanu ndi mmodzi onse analowa pageti lija, iwo okha ayi. Mapemphero ndi nyimbo za m'tchalitchi anaziphunzira ndi khutu, ndipo ankazisunga bwino kuposa ambiri ogwira mabuku.

Anakwatiwa ndi kalipentala wofatsa, amene ankakonza madesiki ndi zitseko za pasukulupo. Bamboyo ankawawerengera Mawu a Mulungu akaweruka, moti kusadziwa kuwerenga sikunawapweteke kwenikweni. Koma banjalo linangokhala zaka khumi ndi ziwiri. Bamboyo atamwalira, anasiya ana awiri, bokosi la zipangizo, ndi Baibulo limene mayiwo ankalipukuta fumbi koma osatha kulifunsa kanthu. Mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo anawamvera chisoni n'kuwalemba ntchito yosesa. Patapita zaka zitatu, ataona kuti ngakhale choko chimodzi sichinasowepo, anawapatsa makiyi a sukulu yonse. Sanawafunse ngati amawerenga, ndipo iwo sananene.

Amene anawaona masiku amenewo amakumbukira phokoso asanakumbukire nkhope. A Makiyi sankakhala pansi. Makiyi khumi ndi anayi ankalendewera pa chingwe m'chiuno, ndipo ngwerengwere wake ankamveka kuseri kwa ofesi, kenako kumpopi, kenako kugeti. Akakhoma chitseko ankachikankha kawiri, n'kuyenda mapazi angapo, n'kubwerera kukachikankhanso. Pachitseko chilichonse ankanong'ona kuti, "Ambuye, chipinda ndatseka ine, ana ake musunge ndinu."

Ana akaweruka, sukulu inkayamba moyo wachiwiri. Kwaya inkafuna chipinda, gulu la osoka linkafuna china, ena misonkhano. Lamulo linali lakuti aliyense alembe fomu, mphunzitsi wamkulu asaine, komiti ya sukulu idinde chidindo, ndipo chilolezocho chinkatha pamodzi ndi teremu. Chipinda ndi chokhacho cholembedwa papepala. Sikisi koloko isanakwane onse akhale atatuluka, madesiki abwerere m'mizere yake, bolodi lisiyidwe loyera, kupatula pamene mphunzitsi wanena kuti lisakhudzidwe.

A Makiyi ankasunga malamulo amenewa pamtima ngati katekisimu. Manambala ankawadziwa, choncho tsiku ndi chipinda sizinkawavuta. Chidindo ankachidziwa ndi kuzungulira kwake, siginecha ndi kamchira kake kopindika ngati mbedza. Zotsalazo ankati, "Tandiwerengerani mokweza, maso angawa ndi a dzuwa lolowa." Palibe ankakayika. Ngakhale abambo ansembe anabwezedwapo pageti chifukwa pepala lawo linali la teremu yatha. Anaseka n'kunena kuti wosunga makiyi a kumwamba akadzatopa, womulowa m'malo wapezeka kale. A Makiyi sanaseke. Anangoti, "Makiyiwa si anga, bambo. Ndangosungitsidwa."

Kenako mpingo unayambitsa kalasi ya amayi ofuna kuphunzira kuwerenga ndi kulemba, Lolemba ndi Lachinayi, m'chipinda nambala eyiti. Ankawaphunzitsa ndi namwino wina wopuma pantchito. Mmodzi mwa oyamba kulembetsa anali atelala, neba wa a Makiyi, amene nyumba zawo zinkagawana khoma ndi chingwe choyanikira zovala. Atelalawo anali atatopa kusunga miyezo ya makasitomala m'mutu n'kumasoka mikono yaifupi.

"Aneba, bwerani tidzapusire limodzi," ankawaseka motero. "Kapena inu munamaliza kale zonse?"

"Ine ndili pantchito," ankayankha a Makiyi. Koma khonde la chipinda nambala eyiti linkasesedwa katatu pa Lachinayi, ndipo tsachelo linkaima pafupi ndi windo namwino akamatchula zilembo.

M'chaka chakhumi ndi chinayi cha makiyi awo, kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, mayi wachangu, wokonda kuti chilichonse chikhale cholembedwa. Kunabweranso mphunzitsi watsopano wa kalasi yolemba mayeso. Aphunzitsi akale akafuna kuti bolodi lawo lisakhudzidwe, ankangonena pakamwa: "Mayi, lero langa mulisiye." Watsopanoyu sankadziwa zimenezo. Lolemba lina anathera masana onse akukopera pabolodi mafunso obwereza, kuchokera m'buku lobwereka limene mwini wake analitenga tsiku lomwelo. Pamwamba analemba liwu limodzi ndi zilembo zikuluzikulu, n'kulizunguliza: MUSAFUFUTE.

Namwino analiwerenga, ndipo madzulo amenewo anaphunzitsira pa katoni. Amayi atatuluka, a Makiyi analowa ndi tsache n'kupeza bolodi lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anaganiza kuti amayi aja aiwala lamulo, ndipo mphunzitsi wamkulu watsopanoyo akaona, awalanda chipinda. Anathamangira kumpopi, ananyowetsa nsanza, n'kulipukuta bolodilo mpaka linachita kunyezimira. Anapita kunyumba akuthokoza Mulungu kuti apulumutsa anzawo.

Lachiwiri m'mawa mphunzitsi uja anafuula mpaka kugeti kunamveka. Kunatsala milungu iwiri kuti ana alembe mayeso. Mphunzitsi wamkulu anatsegula faelo, anaona amene anagwiritsa ntchito chipindacho, n'kudula mzere wofiira pa chilolezo cha amayi. Namwino anabwera kudzakana, koma mphunzitsi wamkulu anangomuyankha kuti, "Munalimo ndinu. Bolodi silidzifufuta lokha."

A Makiyi anamva zonsezi ali pakhonde, tsache lili m'manja. Akanangolowa n'kunena. Koma kunena kuti afufuta ndi iwo kunali kunenanso chifukwa chake, ndipo wosunga makiyi amene sangawerenge chilolezo sangakhale wosunga makiyi. Mwana wawo wamng'ono anali adakali pasukulu. Sitikuwaweruza pano. Ambiri a ife tinakhalapo chete pa zinthu zochepa kuposa zimenezi.

Masiku awiri otsatirawo anali a munthu woyenda pamoto. Anafika pakhomo la ofesi kasanu, kasanu konse n'kupitirira ngati akukatenga ndowa. Chakudya chinkazizira m'mbale. Analowa m'tchalitchi, anagwada, anadzuka pemphero lisanathe, anatuluka, analowanso. Anasesa bwalo losesa kale. Kuseri kwa khoma ankamva makina a atelala akulira mokwiya, ndi mawu awo akuti, "Amene watichita zimenezi, manja ake adzayabwa mpaka kalekale!"

Lachinayi amayi anabwerabe, poganiza kuti mwina mtima wa mphunzitsi wamkulu wafewa. Anapeza chitseko chokhoma, a Makiyi ataima patsogolo pake.

"Aneba, titseguliretu," anatero atelala. "Ndife omwe aja. Kapena tasintha nkhope?"

"Pepala lanu analidula."

"Pepala! Inu ndi ine timabwerekana mchere, lero mukundiuza za pepala?"

Ndi pamene kamtsikana kaja kanakoka chingwe cha makiyi n'kufunsa funso lake. Amayi anaseka pang'ono, kenako anabalalika mmodzimmodzi. A Makiyi anatsala okha pakhonde. Pambuyo pake ankanena kuti mwanayo anafunsa za chitseko, koma iwo anamva ngati wafunsa za pakamwa pawo.

Lachisanu m'mawa anagogoda pa ofesi, ndipo ulendo uno analowa. Anamasula chingwe m'chiuno n'kuika makiyi patebulo.

"Amayi aja alibe mlandu. Bolodi ndinafufuta ndine."

"Inu? Simunaone zimene zinalembedwa pamwamba?"

"Kuona ndinaona, aphunzitsi. Kuwerenga ndiye sindidziwa."

Mphunzitsi wamkulu anavula magalasi. "Zaka khumi ndi zinayi mwakhala mukulandira zilolezo pageti."

"Chidindo ndimachidziwa. Ndi kamchira ka dzina lanu. Zinazo ndinkanamizira maso, ndipo bodza limenelo ndalisenza mokwanira."

Kenako mphunzitsi wamkulu anakokera makiyi aja mu dirowa. Anati sangachitire mwina, chifukwa tsiku lina wina adzabwera ndi chidindo chenicheni pa pepala lonena zina. Tsache lokha anawasiyira, ndi malipiro a wosesa. Koma a Makiyi asanatuluke, mphunzitsi wamkuluyo anatenga fomu yatsopano, analemba chipinda nambala eyiti, anasaina, n'kuwapatsa. "Kadinditseni ku komiti. Ndipo pa mndandanda wa ophunzira ndikuona kuti patsala malo."

Masana omwewo a Makiyi anakapepesa kwa mphunzitsi wa mayeso, kenako anayenda wapansi kukafunafuna mwini buku lija mpaka analibwereka kachiwiri. Atelala anakhala masiku atatu osawapatsa moni. Lolemba anagogoda pakhoma ndi chigongono. "Inu a manja oyabwa! Nthawi yakwana. Pensulo ndakusongolerani."

Choncho, ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, a Makiyi anakhala pa desiki kwa nthawi yoyamba, mawondo akugunda thabwa. Makiyi anapatsidwa kwa mlonda, ndipo iwo ankaima pamzere ngati wina aliyense kudikira kuti awatsegulire. M'chiuno munapepuka, koma dzanja linkangopitabe pamenepo. Ana ena ankawafunsa mwachipongwe kuti ngwerengwere wapita kuti. Zilembo zinkawavuta, ankazisokoneza, ankafufuta mpaka pepala kubooka. Namwino atawafunsa liwu limene akufuna kuyamba kulidziwa, sanasankhe dzina lawo. Anasankha lija la pamwamba pa bolodi.

Patatha chaka ndi theka, mphunzitsi wamkulu anawaitana n'kuwaikira chilolezo cha kwaya patsogolo. Anachiwerenga chonse, chala chikutsata mzere, thukuta lili kamukamu. Pomaliza anati, "Koma apa alemba chipinda nambala sikisi, pamene kwaya imakhala mu faifi." Mphunzitsi wamkulu anatsegula dirowa. Madzulo amenewo ngwerengwere anamvekanso, ndipo Baibulo la malemu kalipentala linatsika pa shelefu.

Anasunga makiyi zaka zina khumi ndi zitatu. Sanafewetse lamulo ngakhale limodzi, koma anasintha kachitidwe. Munthu akabwera wopanda pepala, sankangomubweza. Ankamukhazika pakhonde, n'kudzaza naye fomu, n'kumuuza tsiku limene a komiti amapezeka. Akaona wina akuti maso akumuvuta, ankamuyang'ana mwachifundo n'kunena chapansipansi kuti, "Matenda amenewo ndinadwalapo. Amachiza Lolemba ndi Lachinayi." Mawondo atafooka anapereka makiyi, koma ntchito imodzi anaikakamira: teremu iliyonse ikamatsegulidwa, fomu ya kalasi ya amayi ankaitenga okha, kuchoka kwa namwino, kupita ku ofesi, kukafika ku komiti, ndi ndodo yawo.

Matenda awo omaliza anali a milungu itatu. Sanadandaule za ululu, koma mtima sunali m'malo. Ankatembenukatembenuka, kufunsa tsiku, kufuna nsapato. Analandira masakramenti Lachisanu, komabe manja ankangofufuza pabulangete. Koma Lamulungu m'mawa, belu loyamba likulira, ana awo anawapeza atagona mwakachetechete, nkhope ili phee, manja atapumula pachifuwa. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anaopa kutaya ntchito, monga tonse timaopera, koma anaika makiyi patebulo kuti anzake atseguliridwe chitseko.

Chimene chinawakhazika mtima pansi tinachimva kwa atelala. Loweruka masana analowa kudzawaona, n'kuwapeza akulimbana ndi pilo. Pansi pake panali fomu, yodzazidwa kale ndi zilembo zonjenjemera.

"Aneba," anatero a Makiyi, "sukulu akutsegulira mkuja. Pepalali likachedwa, amayi adzaima pakhonde."

"Gonani inu. Mpaka pano mukadali pantchito?"

"Asaine kaye aphunzitsi, chidindo pambuyo. A komiti akakuuzani kuti mubwere mawa, musachoke. Khalani pabenchi mpaka achite manyazi."

"Ndamva."

"Osangoti ndamva. Teremu ino yokha ayi."

Atelala anatenga fomuyo, anaiwerenga yonse mokweza, mzere ndi mzere, kuti mnzawoyo amve kuti palibe cholakwika. Kenako anaipinda n'kuiika m'thumba la tepi yawo yoyezera.

"Teremu iliyonse, aneba, malinga miyendo ikundinyamula. Ikadzakana, ndidzatuma mwana wanga uja wa mafunso, pano ndi mayi wamkulu. Chipinda nambala eyiti sichidzakhomedwa Lachinayi. Ndalonjeza."