Mpanda Umene Unatseka Njira ya Madzi

Anzanga, izi sindikupeka ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda pamalata ndimasowa pokhala, ndimangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira.

Ine kwathu ndi kuchigwa cha Shire, kumene madzi osefukira tinakula nawo. Kwathuko madzi ankatipeza mwaulemu, kukwera pang'onopang'ono, iwe n'kuzika kamtengo pakhomo kuti uziona pamene afika, katundu n'kukweza pamwamba. Ndiye nditapeza ntchito mu Limbe n'kuchita lendi ku Chigumula, ndinati madzi ndathana nawo, kumtunda ngati kuno angandipeze bwanji?

Nyumbayo inali m'munsi mwa chitunda. Eni ake anakwirira khwawa ndi zinyalala ndi zidutswa za njerwa kuti pakwane nyumba zambiri, kumbuyo n'kumanga mpanda wautali wopanda ngakhale kabowo kotulukira madzi. Ine mpandawo ndinkaunyadira poti unkatchinga akuba.

Chaka china mvula inagwa masiku otsatizana osakata. Masana ena madzi atayamba kulowa pakhomo, ndinazika kamtengo kanga, ufa ndi zofunda n'kuika patebulo, mwana wanga wakhanda ali m'tulo kuchipinda chakumpanda. Mayi wina woyandikana nane, wobadwira konkuno, anabwera ali wefuwefu kudzandiuza kuti tituluke msanga, madzi adzaza kuseri kwa mpanda ndipo njerwa zayamba kulira. Ndinawaseka, n'kuwauza kuti asaphunzitse munthu wakuchigwa za madzi, awa sanafike n'komwe mu akakolo. Mayiwo anangolowa kuchipinda, kunyamula mwana wanga, n'kuliyatsa liwiro kukwera chitunda.

Mkwiyo umene unandigwira! Ndinawathamangira wopanda nsapato, ndikukalipa kuti andibwezere mwana wanga, kodi apenga? Tisanafike n'komwe kumsewu, kumbuyo kunamveka chiphokoso chimene sindidzachiiwala. Potembenuka, mpanda kulibe, chipinda kulibe, matope ndi miyala zikungodutsa pamene panali mphasa ya mwanayo. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, mayiwo n'kundiika mwana pamiyendo akuyamwa chala, osadziwa kanthu.

Akuluakulu sananame kuti madzi saiwala khwawa, ndipo ine ndinakhulupirira tsiku limenelo kuti njerwa sizingawaiwalitse. Choncho mukamafuna nyumba mu Blantyre muno, musanakomedwe ndi penti, zungulirani kuseri muone kumene madzi amadutsa ikagwa mvula. Mukapeza kuti njira yawo anaitseka, chokanipo, chifukwa tsiku lina adzadutsa pamene mwagoneka mwana wanu.