Mzere Umene Sindinauone

Ine kulemba ndinaphunzira mochedwa, ku sukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale. Zilembo zanga zimatuluka ngati mbuzi m'khola, iyi uku, iyo uko. Koma kuimba ee, kuimba ndinabadwa nako! Pano ndikulemba ndikung'ung'udza, phazi likugunda pansi. Zisakunyengeni. Pakamwa pokha ndi pamene pakusekerera, m'katimu mwada bii.

Zipani zitangochuluka m'dziko muno, ku Mponela kunabwera anthu a galimoto yoyera. Anaitanitsa amayi a m'magulu, a ulimi, a kutchalitchi, a zosokasoka, ife a ku Dowa ndi anzathu a ku Ntchisi. Tinakhala pabwalo la sukulu dzuwa likuswa mtengo. Bambo wina wa tayi anati nyumba za malamulo zikhala ziwiri. Ya aphungu ilipo kale, ndiye pamwamba pake pabwera ina, ya Seneti, mokhala mafumu, alimi ndi amayi, yoti iziunikanso zimene aphungu apangana.

Mayi wina wa ku Ntchisi, wamtali, wa mpata kumano, anandigunda ndi chigongono.

"Amwali, mwamva? Yapansiyo izisinja, ife tizipeta."

Ndinaseka mpaka misozi. Kudziwana kwathu kunayambira pomwepo.

Anati tisankhe maina oti apite nawo, ndipo kusankha kwake kunali kwa mzere. Wopikisana amaima kutsogolo, nkhope kukhoma, omufuna n'kundanda kumbuyo kwake. Kucheuka ayi. Ukacheuka uona amene wakukana, chidani chake mpaka kumanda. Anayamba a ku Ntchisi, ife tikuonerera. Mzere wa mnzanga uja ndinauona ndi maso angawa: unachoka pakhoma, unadutsa mtengo wa bulugama, unakafika pachitsulo chimene ana amaimbira belu.

Kenako ife. Ndinaima, mphuno pafupi ndi njerwa. Kumbuyo ndinangomva mapazi, tswa tswa tswa, nthungululu, khanda kulira, ndi mpweya wa munthu pakhosi panga wonunkhira mtedza wokazinga. Anawerenga, anawabalalitsa, ndiye anati cheukani. Nditacheuka, bwalo linali fumbi lokhalokha. Anangoti mwapambana.

Mnzanga uja anabwera chothamanga, duku lili m'manja.

"Amwali, mzere wanu! Unafika pamjigo n'kukhota! Kukhota ndithu, ngati njoka yasowa kolowera!"

Ee, ndinavina tsiku limenelo! Ndinavina, ndinavina, nsapato imodzi ndinaipeza mawa lake.

Maina anali anayi, awiri a ku Dowa, awiri a ku Ntchisi. Tinagula nsalu yofanana, yobiriwira ya maluwa achikasu, n'kupangana kuti tidzaivala tsiku lotsegulira nyumbayo basi. Tinapekanso nyimbo yolowera, ine kuyambitsa, mnzanga wa mpata kumano kuvomera. Ndiye tinadikira. Mvula inagwa, tinathyola fodya, tinasoka, tinapachika, tinagulitsa. Inagwanso. Inagwanso. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, wailesi ili pamtanda, malemu bambo a kwathu anaimitsa singano.

"A Seneta, mwamva? Akuti nyumba yanu yagwa isanafoleredwe."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Nanga n'kutani? Galimoto yoyera ija sitinaionenso.

Anayife sitinasiye kuitanana a Seneta tikakumana pamsika kapena pamaliro. Woyamba kutisiya anali mnzanga wa kuno ku Dowa, wa ku Nachisaka. Bokosi lake tinalifunditsa nsalu yake ija, ikadali ndi mizere ya mopindidwa. Wachiwiri anatsatira, tinachitanso chimodzimodzi. Tinatsala awiri, ine kuno, mnzanga kuseri kwa mapiri, ndipo miyendo itayamba kukana tinasiya kuyenderana.

Ndili ndi mdzukulu wamkazi, mphunzitsi wa ku sekondale, mayi wa ana ake. Pabanja pathu pakagwa maliro, mbiri ya womwalira yowerenga kumanda amalemba ndi iyeyo. Chaka chatha ndinamuuza kuti alembe yanga ndikadali moyo, ndiimve ndi makutu anga. Analemba, anandiwerengera pakhonde. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anabereka asanu ndi atatu, ankakonda kuimba.

"Yatha?"

"Yatha, agogo."

"Nanga za Seneti?"

"Agogo, nyumba imeneyo sinatsegulidwe. Zimenezi ndimaphunzitsa ine m'kalasi. Palibe munthu anakhalamo. Ndikadzawerenga zimenezo pamanda, anthu odziwa adzangoyang'anana."

"Sindikuti ndinakhalamo, mayi. Ndikuti anthu anaima kumbuyo kwanga."

"Angati?"

"Sindinaone."

"Ndiye mwadziwa bwanji? Mwina anali atatu ndi galu."

Anaseka, osati moipa, ndi mwana wachikondi ameneyu. Koma mawuwo anandilowa ngati munga wa kuphazi. Moyo wanga wonse ndakhala kumbuyo kwa ena: kumbuyo kwa bambo popita kumunda, pamzere wa feteleza, pamzere wa kuchipatala. Tsiku limodzi lokha anthu anaima kumbuyo kwanga. Limenelo likachoka mu mbiri, wotsalayo ndi mayi wina aliyense.

"Alipo amene anaona," ndinatero. "Mvula ikatha undiperekeze."

Tinadikira msewu uume. Nsalu yanga ndinaitulutsa m'sutikesi, ndinaiika m'jumbo kuti ikathandize kukumbutsana. Mu minibasi ya ku Ntchisi ndinaimba kuchokera pa Mponela, ndinaimba pokwera, ndinaimba potsika, mdzukulu wanga atabisa nkhope.

"Agogo, kuli ukwati kumene mukupitaku?" anafunsa kondakitala.

"Ndikupita ku nyumba ya malamulo, mwanawe. Umuuze dalaivala wakoyo wanyamula akuluakulu."

Galimoto yonse inaseka. Paboma tinakwera njinga zamoto, kukwera phiri, kutsika, kukweranso, ine nditamukumbatira woyendetsayo, mwana wa eni, ngati mwamuna wanga.

Anatilandira ndi mpongozi wa mnzanga uja. Asanatipatse n'komwe mphasa anatsitsa mawu: "Mwachita bwino kubwera, koma masiku ano sakuzindikira anthu."

Anali pakhonde, atatsamira khoma. Mayi wamtali uja anachepa ngati mwana wa sitandade wanu. Mpata wa kumano unalibenso mano oupanga. Ndipo pansi pake, pamphasa, anamuyalira nsalu. Yobiriwira kale, maluwa achikasu atasanduka oyera ndi kuchapa, chifukwa masiku ano amadzionongera pomwe wakhala. Mpongoziyo sindimuda. Kwa iye inali nsalu ya m'sutikesi yosagwira ntchito.

Ndinagwada, ndinamugwira dzanja.

"A Seneta! Odi kuno a Seneta!"

Anandiyang'ana pakamwa.

Ndinayambitsa nyimbo yathu yolowera, mokweza, mpaka nkhuku zinathawa. Pofika povomera ndinasiya mpata. Zii. Ndinayambitsanso, ndinasiyanso mpata. Kachitatu ndinavomera ndekha.

"Amwali, ndine wa ku Dowa uja. Pa Mponela paja. Tamuuzani mwanayu, mzere wanga unafika pati?"

"Mwabwera kudzagula nyemba?" anatero. "Zinatha."

Ndinatulutsa nsalu yanga, ndinaiyala pamiyendo pake. Anaisisita, anati njokongola. Ndiye ndinati mwina ndikayamba ndi wake, wanga ubwera wokha. Ndinamuuza zonse: khoma, bulugama, chitsulo cha belu, amayi a ku Ntchisi atandanda mbee kumbuyo kwake. Anamvetsera bwinobwino ngati mwana womvera. Nditamaliza anafunsa, nkhope ili ndi nkhawa:

"Nanga anthu onsewo ankafuna chiyani?"

 Yankho lake mpaka lero ndilibe.

Potsanzika nsalu yanga sindinaitenge. Ndinamuitanira mpongozi uja kuseri, ndinati iyi musayale pansi, muisunge, tsiku lake likafika mudzafunditse bokosi. Anzathu awiri anapita ndi zawo zatsopano, uyu asapite ndi chisanza.

Pobwerera sindinaimbe. Kondakitala anali yemwe uja, anangondiyang'ana. Titayandikira Mponela mdzukulu wanga anandigwira bondo.

"Agogo, ndilemba. Ndilemba kuti unafika pamjigo n'kukhota."

"Wamva kwa yani?"

"Kwa inu."

"Ndiye atatu ndi galu aja apita kuti? Ukulemba chifukwa wandimvera chisoni. Udzawerenga mawu akunjenjemera, anthu adzadziwa kuti ukusangalatsa mtembo. Isiye mmene ilili."

Analira, ine ayi.

Mjigo uja anauchotsa kalekale, pamalopo anamangapo kalasi. Ndinapempha kuti tidutsire pasukulupo, ndinaima pakhoma lija, ndinayesa kuyeza ndi maso pamene mzere ukanakhotera. Sindinathe.

Mnzanga akadzatsogola, ndikadzakhala ndi mpweya, ndidzakwera njinga ija, ndidzaima pamanda, ndidzanena za bulugama ndi chitsulo cha belu, chifukwa ndinaona. Ndidzaimba, ee, ndidzaimba mpaka mapiri avomere! Wake uli ndi mboni. Wanga unali m'mutu umodzi wokha, ndipo m'mutumo mwatsala nyemba zimene zinatha.

Mbiri yanga ili m'Baibulo la mdzukulu wanga, yopindidwa panayi. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anabereka asanu ndi atatu, ankakonda kuimba. Bokosi adzalifunditsa nsalu iliyonse imene idzapezeke.