Mfuti mu Uvuni wa Mayi

Bambo amene ndayandikana nawo nyumba kuno ku Rongai, Mmalawi mnzanga, sadziwa kukhala pansi. Amalondera bwana wina wa bungwe ku Gigiri, ndipo kamfuti kawo ka chilolezo sikachoka m'chiuno. Mukamacheza nawo, maso ali kugeti, dzanja likusisita lamba. Koma mdani wawo weniweni ndi thukuta lawo lomwe, limene limadya chitsulo. "Dzimbiri silipita kutchuthi," amatero.

Loweruka lina mu 2003, akazi awo atakwera minibasi, zija kuno amati matatu, kupita ku Kangemi, bambowa anandiitana kuti ndidzaone luso. Anamasula mfuti ija, kuipala bwinobwino, n'kuipopera utoto wakuda woteteza chitsulo. Wogulitsa anali atawauza kuti utotowo umagwira ukawotchedwa kwa ola limodzi. Basi anayala zitsulozo pathireyi ya masikono, n'kulowetsa mu uvuni wa mayi. Kenaka n'kumangozungulira khitchini, uku akusuzumira pawindo.

Mayi anabwerako msanga, atanyamula ufa ndi mazira, chifukwa analonjeza keke ya ubatizo wa mawa lake. Anapeza nyumba yonse ikununkha ngati garaja.

"Mwaphika chiyani, bambo?"

"Mphindi khumi zokha, mayi. Chonde musatsegule!"

Anatsegula. Anayang'ana thireyi yawo, kenaka amuna awo.

"Mfutiyo mwaiteteza. Nanga inuyo akutetezani ndani?"

Keke anadzaphikira kwathu. Ife tili ku ubatizo, bambo aja anatandala chogwada m'khitchini, akukwecha uvuni. Utoto unagwiradi, pamfuti ndi pathireyi pomwe.