A Nkhono ndi wotchi yonyezimira

Kwa zaka makumi anayi, a Nkhono ankakonza mawotchi pa katebulo pakhonde la sitolo ya nsalu. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa aliyense wofulumira ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthuyu sankayankha funso popanda mwambi. Mwana wawo wamkazi, mzime, anakula miyambiyo ikumutuluka m'mphuno.

Kenaka sitiroko inawagwetsa. Dzanja lamanja linafa, mawu n'kuthawa. Madzi ankachita kuloza, ndipo ngakhale dzina la mzimeyo linawasowa. Chodabwitsa, miyambi yokha inkatuluka yathunthu, osapunthwa. Adokotala anati zimachitika: mawu amene munthu wawabwereza moyo wonse amatha kutuluka okha, ndipo n'kovuta kudziwa ngati mwiniwake akuwamva.

Zimenezi zinamudya mumtima mzimeyo. Kodi bambo ake analimo m'thupi lija, kapena munangotsala mawu? Anatenga katebulo kaja n'kumakonza yekha mawotchi, bambowo atakhala pampando pambali pake, maso ali kumsewu.

Tsiku lina dalaivala wa basi anabweretsa wotchi yoima, yonyezimira mochititsa kaso. Mzime anaiyamikira, nati vuto ndi batire chabe. A Nkhono anatambasula dzanja lamanzere. Anaiika pakhutu, n'kuigwedeza kawiri pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi wotchi iliyonse asanaitsegule.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero, "m'kati muli nyerere."

Dalaivala anaseka. Mzime sanaseke. Anatsegula chivundikiro, n'kupeza dzimbiri lokhalokha, kagudumu kamodzi katathothoka kakungoyendayenda m'katimo.

Pa miyambi yonse ija, bambo ake anasankha umodzi woyenera wotchi imeneyi! Ndiye kuti anamva kagudumuko, anadziwa vuto, ndipo atapeza khomo la mawu lotseka, nzeru zawo zinazungulira kuseri n'kutulukira pa mkuyu. Mtima wa munthu uli ndi njira zingati? Anachita mantha, koma mantha okoma.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ndiye kuti nthawi yonseyi mumandimva?"

A Nkhono analimbana ndi milomo, kufunafuna dzina lake. Silinabwere. Mzime anayamba kulira, n'kumawagwedeza phewa kuti ayesenso. Iwo anamugwira dzanja, n'kumuyang'ana ngati kasitomala wopupuluma.

"Kuona maso a nkhono…"

"N'kudekha, bambo," anamaliza mzimeyo, akupukuta misozi. Anakokera mpando wawo pafupi ndi tebulo, n'kuwapatsa wotchi yotsatira.