Wailesi Imene Inalibe Matenda

Achimwene anga akhala akukonza mawailesi kwa zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya njinga, ndipo anthu amangowaitana kuti Adokotala. Amati wailesi yofika pa benchi pawo sibwerera ikudwala. Matama ali nawo ndithu, koma ntchito amaidziwa.

Tsiku lina kunabwera bambo wachikulire wa ku India, wogulitsa nsalu, atanyamula wailesi ya kaseti yoduka lamba. Anasiyamo kaseti ya nyimbo za m'mafilimu akwawo, nati adzaitenga Lachisanu. Ikapanda kuchira apita nayo kwa wokonza wa kutsidya kwa msewu, munthu amene achimwene samwerana naye madzi.

Achimwene anaika lamba watsopano n'kudina batani. Munatuluka mawu a mayi, oonda, okwera ngati a kamwana, ting'oma tikuthamanga pambuyo pake.

"Ikuthamanga iyi," anatero. "Munthu wamkulu sangaimbe chonchi."

Anaimasula, nachepetsa liwiro la mota. Mawu anatsika pang'ono, koma iwo sanakhutire, anachepetsanso. Masiku atatu anathera pamenepo, mawailesi a anthu ena akungodya fumbi, ndipo nkhawa inawagwira kuti dzina lawo lithera pa kabokosi kameneka.

Alamu anga, akazi awo, pobweretsa chakudya chamasana, anaima n'kutchera khutu.

"Abambo, mayiyu mwamukalambitsatu. Dzana anali namwali, lero akumveka ngati wadzuka ndi chimfine."

"Iwe, za mota uzidziwira kuti?"

"Sindizidziwa. Koma taikanimo kaseti ija ya kwaya timve."

Anaikamo monyinyirika. Kwaya imene amaidziwa pamtima inatuluka ikukwawa, azimayi akulira ngati ng'ombe. Achimwene anagwira pakamwa. Masiku onsewo ankapereka mankhwala kwa munthu wabwinobwino!

Anabweza liwiro pang'onopang'ono mpaka kwaya inaimba mmene imaimbira. Kenako anabwezeramo kaseti ya bambo uja, naika zitsulo pansi, n'kumvetsera ngati munthu wamba. Mayiyo amagwira liwu limodzi, n'kulipinda katatu asanalisiye. Mavayolini ambirimbiri amamuyankha, mwamuna n'kulowa chapansipansi ngati akumupepesa. Chinenerocho sanamvepo kanthu, koma tsitsi linawanyerenyetsa. Anaibweza kasetiyo kasanu, chakudya n'kuzizira.

Lachisanu mwini wake anabwera. Anadina batani, natsinzina, mutu ukugwedera. Nyimbo itatha anapukuta m'maso ndi mpango.

"Malemu akazi anga ankaikonda nyimbo iyi," anatero. "Anthu awiri anandikonzerapo kale mawailesi ena, wa kutsidyayo ndi wina, ndipo onse anawachedwetsa. Inu nokha mwamulola mayiyu kuimba ndi mawu ake."

Achimwene anatukula chifuwa. "Khutu, bambo. Ntchito imeneyi imafuna khutu."

Alamu anatsokomola kwambiri, koma sanaulule.

Mawa lake wogulitsa nsaluyo anabweretsa katoni yodzaza makaseti, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi anzake onse a m'masitolo anali atabweretsa mawailesi awo. Mpaka lero nyimbozo zimalira pakhondepo, achimwene akutsatira ndi mawu awo osasa. Ine ndimawanyadira. Koma wailesi iliyonse ikatha kukonzedwa, asanaimange, amatembenukira kaye alamu mwakachetechete:

"Mayi, tabwerani mumveko iyi."